Bokosi la ayezi m'boti la amalume, tilisamutse kapena tiliphwasule?

Atate a Taonga:
Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndapatsidwa ntchito yomwe sindinaigwirepo, ndiye ndati ndiyambe ndafunsa ndisanaononge katundu wa eni. Amalume anga anagula boti lakale la matanga, la mafiti 26, lomwe lakhala zaka zambiri ku Siavonga. Tinalikoka pa trela, pano lili pabwalo pawo ku Makeni. Ine ndine kalipentala wa makabati ndi zitseko, ndiye iwo akuti khitchini ya m'boti ndi kabati basi, ndikonze. Chomwe chawasowetsa mtendere ndi bokosi la ayezi. Linamangidwa mkati mwa kauntala, chivundikiro chili pamwamba, ndipo khoma lake limodzi lagundana ndi chipinda cha injini. Akuti akaika ayezi wa makilogalamu 20 Lachisanu madzulo, pofika Loweruka madzulo ndi madzi okhaokha, nyama itayamba kale kusintha fungo. Iwo akufuna tilichotse pa injini tikaliike mbali inayo, pansi pa katebulo ka mapu. Kodi kusamutsako pakokha kungathandize? Nanga m'makoma mwake ndiikemo chiyani?

Boyi wa Chawama:
Ba kalipentala, uzani amalume agule ma cooler box awiri ku Kamwala, nkhani yatha. Komanso boti ku Makeni, madzi ali kuti? 😂

Mudala wa Mafiriji:
Mwana wanga, usanazule msomali ndi umodzi womwe, tenga dirilo ubowole kabowo pansi penipeni pa khoma la bokosilo, kuchokera m'kabati yoyandikana nalo. Pisamo waya. Ubwere utiuze zinthu ziwiri: zomwe anaika m'khomamo ndi zochindikala bwanji, ndipo ndi zouma kapena zonyowa. Ine ndakalambira mu ma deep freezer ndi ma cold room kuno ku Matero, ndipo ndikukuuza kuti injini ikunamiziridwa. Injini ya boti la matanga imalira ola limodzi kapena awiri, potuluka ndi pobwerera. Nanga maola ena onsewo akusungunula ayezi ndani?

Kaputeni ku Siavonga:
Ba mudala, pamenepo ndikutsutseni pang'ono. Pa Kariba pali masiku omwe mphepo imangoti zii dzuwa likafika pamutu, matanga n'kumalendewera ngati zovala pa chingwe. Tsiku lotere injini imalira maola anayi kapena asanu, komanso anthu amailiza kuti itchaje mabatire. Ukaizimitsa chitsulo chija chimakhalabe chotentha mpaka usiku. Ndiye kutentha kulipo ndithu. Koma zoti abowole aone, ndagwirizana nanu.

Atate a Taonga:
Ndabowola. Akuluakulu, zomwe zatuluka ndi madzi akuda onunkha. Ndinapitiriza kukanganula thabwa lonse la mbaliyo. Mkati muli kaylite, uja woyera wa timibulu, wochindikala mamilimita 25 basi, ndipo pansi wamwa madzi moti ukamufinya akudontha. M'makona muli mipata yolowa zala ziwiri. Pulayi ya pansi yafumbwa, ikuchoka ndi chikhadabo. Chivundikiro ndi pulayi yokhayokha, chilibe kalikonse kunsi kwake, ngakhale labala. Mkati mwa bokosi ndayeza: masentimita 60 m'litali, 40 m'lifupi, 50 kuya. Chinanso, pansi pali kabowo ndi paipi yomwe yangotsika molunjika mpaka m'bilge, pansi pa boti paja pamasonkhana madzi.

Mudala wa Mafiriji:
Eyaa. Ndiye mbava zako ndi zimenezo, zinayi: kaylite wopyapyala, kaylite wonyowa, chivundikiro chamaliseche, ndi paipi yotseguka. Mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wotentha, umatsika. Paipi yolunjika ija usiku ndi usana ikukhuthula kuzizira m'bilge, ndipo wotentha ukulowa pa chivundikiro kudzatenga malo. Zili ngati kutunga madzi ndi dengu.

Aphunzitsi a Sayansi:
Ndiloleni ndiikepo manambala, chifukwa nkhani ya injini ingathe ndi masamu osati ndi mkangano. Kuti kilogalamu imodzi ya ayezi isungunuke imamwa kutentha kokwana 334 kJ (makilojulo, muyeso wa mphamvu ya kutentha). Kutentha kolowa pa khoma timakupeza potenga nambala ya chinthu chotchingacho, kuchulukitsa ndi kukula kwa khoma ndi kusiyana kwa madigiri a kunja ndi mkati, kenako kugawa ndi kuchindikala kwake.

Kaylite wouma nambala yake ndi cha m'ma 0.04. Makoma a bokosi lanu onse pamodzi ndi pafupifupi masikweya mita 1.6. Tinene kuti m'boti muli madigiri 35, m'bokosi 0. Ndi mamilimita 25 aja, zikutuluka mawati 90. Pa tsiku lathunthu ameneyo ndi ayezi wa makilogalamu 23. Ndipo apa ndawerengera kaylite wouma, wopanda mipata. Amalume anu sakunama.

Tsopano khoma la ku injini. Ndi masentimita 40 kwa 50, kutanthauza masikweya mita 0.2. Tiyerekeze kuti chipinda cha injini chafika madigiri 60 kwa maola anayi monga akunenera a Kaputeni. Madigiri 25 owonjezerawo akubweretsa mawati 8 okha, ndipo pa maola anayi ayezi wotayika sakufika ndi theka la kilogalamu. Ngakhale muwirikize kawiri chifukwa cha chitsulo chochedwa kuzizira, simufika kilogalamu imodzi. Ndiye mukalinyamula bokosi lomweli momwe lilili n'kukaliika kutali ndi injini, mwapulumutsa kilogalamu imodzi pa 23.

Kaputeni ku Siavonga:
Aphunzitsi mwandigoneka. Ndavomera.

Boyi wa Chawama:
Ine masamu ananditaya ku Grade 9, koma ndamva kuti injini yawina mlandu.

Atate a Taonga:
Zikomo aphunzitsi. Ndiye ndi zochindikala bwanji zomwe zikufunika? Ndipo ndisasamutse?

Aphunzitsi a Sayansi:
Mukagwiritsa ntchito polyurethane, fomu yachikasu ija ya m'mafiriji, nambala yake ndi cha m'ma 0.025. Ya mamilimita 50 ikupatsani kutaya makilogalamu 8 pa tsiku. Ya mamilimita 100, makilogalamu 4 ndi theka. Simukufika pa theka lenileni chifukwa khoma likachindikala kunja kwake kumakulanso. Kwa nyengo ya ku chigwa ine ndinganene 100, ndipo pansi ngati malo alipo onjezerani.

Mudala wa Mafiriji:
Za kusamutsa, yankho lili pa tepi yako. Yeza. Ukaika mamilimita 100 mbali zonse pamalo omwe lililipo, bokosi likukula kulowera kuti? Ngati likutseka kachitseko kofikira pa injini, ndiye tsiku losintha oyilo kapena fyuluta amalume ako adzakutukwana. Komanso fomu imayaka, utsi wake ndi woipa, sindimaikonda pafupi ndi ekizozi. Ngati malo palibe, samutsa, koma udziwe chifukwa chomwe ukusamutsira.

Atate a Taonga:
Ndayeza. Pakati pa chipinda cha injini ndi sitovu pali masentimita 68 okha. Ndikachotsa 20 a makoma kutsala 48, komanso kachitseko ka injini ka m'mbali sikangatsegukenso. Ndiye tisamuka basi. Pansi pa katebulo ka mapu pali malo a 70 kwa 60, kuya 65, ndipo angakule ndikadula pang'ono chipupa cha kutsogolo kwake.

Kaputeni ku Siavonga:
Imani kaye achimwene! Chipupa chake chiti? Tumizani chithunzi musanagwire sowo.

Atate a Taonga:
Ndi chija chachikulu cha pakati, cholekanitsa chipinda chochezera ndi chogona cha kutsogolo. Pali chitsulo chaphanthiphanthi chomangidwa ndi mabawuti asanu, chatulukira pa deki.

Kaputeni ku Siavonga:
Chimenecho musachikhudze ngakhale ndi msasa. Chitsulocho ndi chainplate, pomwe pamamangidwa waya wogwira mlongoti kuti usagwe cham'mbali. Mphepo ikadzaza matanga, mphamvu yonse imatsika ndi waya uja, kulowa m'chitsulocho, kukathera m'chipupa chomwe mukufuna kudulacho. M'nyumba chipupa cha pulayi ndi chotchinga maso chabe, m'boti la matanga ndi fupa. Mukachifooketsa mlongoti udzagwa muli pakati pa nyanja, ndipo Kariba akakwiya mafunde ake ndi aafupiafupi, omenya motsatizana. Bokosi lichepe, chipupa chikhale. Poti mwafika kale pamenepo, yang'ananinso ngati madzi sanalowe pa mabawutiwo n'kuwoletsa pulayi.

Chachiwiri, kulemera. Bokosi, ayezi ndi zakudya zingafike makilogalamu 60. Pa boti la mafiti 26 mukachotsa katundu wotere mbali ina n'kumuika mbali inzake, lidzayandama chopendekera. Onani komwe kuli thanki ya madzi ndi mabatire, mwina batire lisamukire komwe kwachoka bokosi. Ndipo liikeni pansi momwe mungathere.

Chachitatu, khoma lomwe ligundane ndi thupi la boti. Thupilo ndi la mtundu wanji?

Atate a Taonga:
Zikomo kwambiri, safunsa anadya phula. Sowo ndinali nditaitulutsa kale. Thupi ndi lobiriwira modera, amalume amalikonda kwambiri.

Kaputeni ku Siavonga:
Mtundu wodera pa dzuwa la Okutobala ku Siavonga sungaugwire ndi dzanja. Ameneyo ndiye mdani woposa injini, chifukwa dzuwa silizimitsidwa. Gawo la thupi lomwe lili pamwamba pa madzi limatentha, la pansi pa madzi limatsatira madzi. Mbali imeneyo musaumire fomu.

Make Dalitso:
Ine za mawati sindizidziwa, koma bream ndakhala ndikutenga ku Siavonga kubweretsa ku Soweto kuyambira Dalitso ali kumbuyo. Ndikuuzeni zomwe ndaona ndi maso. Ayezi wa buloko lalikulu amakhalitsa kuposa wophwanya. Wophwanya amaziziritsa nsomba msanga koma pofika pa Kafue amakhala atatha. Kale tisanakhale ndi mabokosi abwino buloko tinkalikwirira mu utuchi ndi masaka, linkagona masiku. Bwanji osathira utuchi m'makoma? Inu akalipentala utuchi muli nawo waulere.

Mudala wa Mafiriji:
Amai, utuchi umagwira ntchito ukakhala wouma ndi wambiri, ndipo inu mumautaya ukanyowa n'kutenga wina. Uwu ukatsekeredwa m'khoma la boti sudzatulukanso. Udzamwa chinyontho, udzawola, udzaitana mphemvu. Za buloko mwanena zoona.

Make Dalitso:
Chabwino ba mudala. Koma pa za paipi ndili ndi funso. Ine madzi osungunuka sinditaya ndikanyamula zakumwa, chifukwa madziwo ndi ozizira. Ndimataya pa nsomba pokha poti nsomba ikagona m'madzi imafewa. Nanga paipi n'njachiyani? Osangotseka bowolo?

Aphunzitsi a Sayansi:
Amai akunena zoona kumbali ya sayansi. Madzi ongosungunuka kumene ali pa digiri 0, kuwataya ndi kutaya kuzizira komwe munagula. Koma ayezi woyandama m'madzi amasungunuka msanga, ndipo chakudya chimanyowa. Njira yapakati ndi kuika kathandala pansi, masentimita 5 kapena 6, ayezi akhale pamwamba pake, madzi azisonkhana kunsi, muziwachotsa akafika pa kathandalako.

Fayiba Kalingalinga:
Ine nikanakhala ine, bowo pansi siniika olo pang'ono. Bowo iliyonse pa fayiba ndiye pamene madzi adzapeza njira yolowa mu fomu, manje mwabwerera pa vuto yakale. Lowetsani kapaipi kuchokera pamwamba, pakona, kafike pansi, kunja muike kapampu ka manja kapena kopondera, madzi azigwera mu sinki.

Kaputeni ku Siavonga:
Ndi zomwe ndikanasankha nanenso. Madzi a m'bokosi amakhala ndi magazi a nyama, mkaka wotayika, mamina a nsomba. Akapita m'bilge boti lonse limanunkha ngati kuseri kwa butchala, ndipo fungo limenelo silichoka ndi sopo. Wokakamira paipi ya pansi aipinde ngati ya pansi pa sinki kuti madzi otsalira atseke mpweya, kapena aike kampopi. Kumbukiraninso kuti boti la matanga limayenda chopendekera, lero uku, likatembenuka uko. Pangani kachitsime kakang'ono pansi kuti kapaipi kazipeza madzi.

Atate a Taonga:
Tamvana, pampu. Tsopano fomuyo ndiipeza kuti, ndipo mkati ndimange ndi chiyani? Ndimaganiza zogula kaylite watsopano wochindikala, ndimumate m'malo mwake, kenako ndipake fayiba pamwamba pake.

Fayiba Kalingalinga:
Ba Taonga musayese! Resin wamba ija timapangira makanopi na mathanki ni polyester, ili na styrene mkati. Mukaipaka pa kaylite, kaylite asungunuka muli kuyang'ana, asala ngati chingamu. Nenze nayesa nili mwana wa ntchito, bwana ananidula malipiro. Epoxy siidya kaylite koma ni yodula. Polyurethane yeve polyester siimudya.

Njira yosavuta ni iyi. Pangani kabokosi ka mkati na pulayi yopyapyala, ya mamilimita 6, makona muwazungulize na phala la resin kuti pasakhale pobisala dothi, muike fayiba magawo awiri, pamwamba flowcoat yoyera, resin yomalizira ija yopaka ngati penti. Mukathira madzi n'kugona osadontha, ndiye mulowetse mu boti. Fomu ikhale kunja kwake.

Mudala wa Mafiriji:
Za fomu, pita kwa anthu omanga ma cold room cha ku mafakitale uko, ufunse zidutswa za mapanelo zotsala. Koma tsegula maso. Mapanelo ambiri mkati mwake ndi kaylite yemweyo. Ukaona zoyera za timibulu, siya. Ukufuna yachikasu, yolimba, yoti ukaikanda ituluke ngati ufa. Malata a mbali zonse ziwiri uwasende, chifukwa chitsulo chimanyamula kutentha ndipo m'boti chidzachita dzimbiri. Ukapeza ya mamilimita 50 uike magawo awiri, molumikizira mwa gawo loyamba musakumane ndi mwa lachiwiri, monga amayalira njerwa.

Tsopano mvetsera bwino apa, chifukwa ndi pomwe anaphonya amene anamanga loyambalo. Madzi aja unawapeza mu kaylite si onse anachokera mkati mwa bokosi. Mpweya wotentha wa m'boti uli ndi chinyontho. Umalowa m'mipata kulondola kozizira, ukafika pafupi ndi khoma lozizira umasanduka mame, ngati thukuta la pa botolo lochokera m'firiji. Tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, fomu imakhuta madzi. Ndiye chotchinga chinyontho chimaikidwa KUNJA kwa fomu, mbali yotentha. Pulasitiki wochindikala wa omanga nyumba, kapena foil, molumikizira monse umate ndi tepi ya aluminiyamu, pasakhale ndi pobaya singano. Ambiri amakuta mkati n'kusiya kunja, n'chifukwa chake patatha zaka zitatu amabwera kwa ine.

Mlongo wa ku Kabwata:
Pepani ndalowerera. Ndalama zonsezi bwanji osagula kafiriji ka 12V ndi sola? Malaiti amavuta, ayezi amasowa. Chaka cha 2024 madzi atatsika ku Kariba tinkakhala maola ambirimbiri mumdima, ngakhale freezer ya kunyumba sinkaumitsa kanthu.

Mudala wa Mafiriji:
Mwana wanga wamkazi, funso lako ndi labwino, koma kompresa simalodza. Kutentha kolowa m'bokosi ndi komweko, kaya akukuchotsa ndi ayezi kaya makina. Bokosi lakale lija la mawati 90 likanatha batire usiku umodzi. Lomangidwa bwino la mawati osakwana 20, kakompresa kakang'ono ndi sola imodzi zikwanira. Ndiye amange bwino kaye. Iwe kalipentala, usiye kapaipi kopanda kanthu kodutsa m'khoma cha pamwamba, ukatseke ndi fomu. Tsiku lomwe amalume adzafune makina, mapaipi a gasi adzadutsa pamenepo popanda kuphwasula.

Atate a Taonga:
Ndabwerako kwa amalume. Nkhondo. Popanda kudula chipupa chija, mkati mwa bokosi latsopano mukutsala 50 kwa 40, kuya 45. Ndi malita 90, pomwe lakale linali 120. Akuti ndawabera kireti yathunthu ya Mosi. Akufuna makoma a 50 kuti malo abwerere.

Boyi wa Chawama:
Apa amalume nili nawo mbali imodzi.

Make Dalitso:
Auzeni amalumewo kuti malo omwe akulirira ankadzaza ndi ayezi, osati mowa. Ulendo wa masiku atatu bokosi lakale likanafuna ayezi woposa makilogalamu 60, ndiye nyama ikanakhala pati? Latsopanoli mabuloko awiri akwana, kotsalako ndi kwawo. Amuna pa nkhani ya kireti nzeru zimathawa.

Aphunzitsi a Sayansi:
Ndipo kiretiyo asaiike yotentha. Mabotolo 24 ochokera pa dzuwa, kuwatsitsa kuchoka pa madigiri 30 kufika pa 5, amadya ayezi pafupifupi makilogalamu 3. Aziziritsiretu kunyumba, nyama aumitsiretu, madzi akumwa aumitse m'mabotolo a pulasitiki kuti akhale ayezi lero, chakumwa mawa.

Atate a Taonga:
Amai, ndawawerengera uthenga wanu momwe ulili, kupatula chiganizo chomaliza. Avomera 100.

Atate a Taonga:
Patha masabata awiri, ndabwera ndi lipoti, labwino ndi loipa. Mapanelo achikasu ndinawapeza, kusenda malata kunanditengera tsiku lonse ndi zala ziwiri zochekeka. Kabokosi ka mkati tinapanga ndi mnyamata wa fayiba, tinadzaza madzi kagona masiku awiri osadontha. Mbali zowongoka zonse zinalowa bwino. Vuto linali mbali ya thupi la boti, poti ndi yokhota, thabwa la fomu silikhala. Ndinagula fomu yothira ija ya zitini ziwiri, A ndi B. Ndinayang'ana mpatawo ndinati ndi waukulu, ndinasakaniza lita yathunthu kamodzi, masana dzuwa lili phwee. Sindinamalize n'kutakasa komwe inayamba kufufuma m'chitini. Ndinathira mothamanga. Patapita mphindi zochepa ndinamva thabwa likulira. Khoma la kabokosi ka mkati lafutukira mkati ngati mimba, flowcoat yang'ambika pakona, ina yasefukira pa khushoni ya amalume.

Fayiba Kalingalinga:
Mayo! Nenze nifuna kukuuzani, niliwala. Ija imafufuma kupitirira ka 20, ndipo ikasowa kopita imakankha chilichonse. Pakatentha imathamanga maningi. Imathiridwa m'mawa, kapu imodzi imodzi, muyembekeze iume na kuzizira, ndiye muthire ina. Mkati mwa bokosi muyenera kuchirikiza na matabwa opingasa musanayambe. Pa khushoni ikauma siichoka, pepani.

Mudala wa Mafiriji:
Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga. Ndipo ndikhulupirira unatsegula mazenera onse ndi kuvala magolovesi, chifukwa mpweya wa mankhwala amenewo umawononga chifuwa, m'boti ndi mopanikizika. Tsopano usabise mng'aluwo ndi penti. Dula fomu yomwe yakankha, khoma libwerere, pala pakonapo mpaka ufike pa fayiba yabwino, uikenso magawo awiri, uyesenso ndi madzi. Mng'alu wonga tsitsi ndi wokwanira kunyowetsa ntchito yonse.

Atate a Taonga:
Ndachita momwemo. Ndinakumba fomu ndi mpeni wa buledi, mayi a Taonga sakudziwa. Kachiwiri ndinathira makapu asanu ndi limodzi, m'mawa uliwonse awiri. Chivundikiro ndapanga chochindikala mamilimita 100, m'mbali mwake mopendekera ngati chotsekera botolo, labala pawiri, pamwamba ndi pa kakhwerero ka mkati. Ndachigawa pawiri kuti wofuna chakumwa atsegule kachigawo kakang'ono kokha. Batire ndalisamutsira pomwe panali bokosi lakale, malo otsalawo ndapanga kabati ya mapoto.

Kuyesa: Lolemba 7 koloko m'mawa ndinaika mabuloko olemera makilogalamu 20, boti lili padzuwa, osatsegula kupatula poyeza. Lachiwiri anatsala 14 ndi theka. Lachitatu 10.7. Lero Lachinayi 7. Tsiku loyamba landidetsa nkhawa, 5 ndi theka si zomwe analonjeza aphunzitsi.

Aphunzitsi a Sayansi:
Tsiku loyamba musaliwerengere. Ayezi anayamba waziziritsa fayiba, pulayi ndi fomu yomwe, zonse zinali zotentha. Nambala yanu yeniyeni ndi ya masiku awiri otsatirawo, 3.8 ndi 3.7. Masamu a bokosi la kukula kumeneku pa nyengo ya kuno akupereka 3 ndi pang'ono, ndiye mwayandikira kwambiri, kusiyanako ndi makona ndi chivundikiro. Phunziro lake ndi loti usiku woti mawa ulendo muziikamo buloko limodzi loziziritsiratu bokosi.

Koma musawalonjeze amalume nambala ya ku Makeni. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, pomwe madzi a Kariba ali pansi pa mamita 500. Makilomita 200 okha koma ndi dziko lina, usiku wa kumeneko sukuzizira ngati wa kuno. Yembekezerani makilogalamu 5 pa tsiku, ndipo ndi kutsegulatsegula kwa anthu mwina 6 kapena 7.

Kaputeni ku Siavonga:
Ngakhale 7, kuchoka pa 23, ndi ntchito yabwino achimwene. Funso limodzi: chivundikirocho chili ndi chokowera? Boti likagona cham'mbali ndi mphepo yadzidzidzi, chivundikiro chongokhazika chimauluka, pambuyo pake mabuloko. Buloko la makilogalamu 10 likamenya mwendo wa munthu ndi nkhani ya chipatala. Kathandala ka pansi nakonso kakhale kothina, ndipo muike kathabwa kogawa kuti ayezi asamayendeyende n'kuswa fayiba yanu.

Atate a Taonga:
Chokowera ndinaiwaliratu. Ndikagula mawa, cha stainless, chosatulukira pamwamba kuti kauntala ikhale yosalala. Kathabwa kogawa ndili ndi chidutswa cha bolodi ya pulasitiki yodulirapo nyama, chikwana.

Make Dalitso:
Mukatsika ayezi mugulire konkuno mumukute ndi masaka m'galimoto, kapena muitanitsiretu kumeneko. Mwezi uno asodzi amamulanda m'mawa kusanache.

Boyi wa Chawama:
Manje malita 90 yaja, malo yanga yalipo? Nibwera na kireti yozizira kale, monga mwa malamulo ya aphunzitsi.

Atate a Taonga:
Ukafunse amalume, koma uyambe wawagulira khushoni. A Kaputeni, tinyamuka Lachisanu lotsatira usiku usiku kuti mapiri a njira ya ku Chirundu tiwatsike kusanatenthe. Mungatipezere anyamata awiri othandiza kuimika mlongoti?

Kaputeni ku Siavonga:
Apezeka. Mubwere ndi sipanala ya 13 ndi 17, ndipo mabawuti a chainplate aja ndidzawaona ndekha tisanakweze tanga.